Phala la Ambuya m'Wodi ya Azimayi

Ndimamvabe kulira kwa makiyi a mlonda. Ankawagwedeza akuyenda pakati pa mabedi, ndipo amuna tonse tinkadziwa kuti nthawi yoona odwala yatha.

Ambuya, agogo anga aakazi, ndinabwera nawo pa njinga yobwereka kuchokera ku Kambombo, nditawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka. Kuchipatala cha pa boma anawagoneka m'wodi ya azimayi. Odwala anali ambiri, ena pa matiresi pansi, moti aliyense ankadyetsedwa ndi m'bale wake womudikirira. Ambuya analibe wina koma ine. Amayi ndi atate anamwalira ndisanayambe sukulu.

"Iwe ndiwe mwamuna, sungagone muno," anatero namwino. "Manje kulibe wamkazi kwanu?"

"Kulibe."

Anandiyang'ana, kenako anapita kwa wina amene ankabuula.

Vuto linali lakuti ambuya sankadya cha m'manja mwa mlendo. Chimwalirireni mwana wawo womaliza, amene anadwala atachokera ku mowa kumudzi wina, ngakhale madzi a pakhomo pa eni sankamwa. Tsono kumeza kunali kovuta. Supuni imodzi ya phala inkatenga nthawi yaitali, ndipo makiyi ankalira mbale isanafike ndi pakati pomwe.

Ndinkazungulira kuseri n'kuima pa zenera. Namwino ankayesa kuwadyetsa, ambuya n'kumanga mano. Azimayi a pa mabedi oyandikana ankayesa, iwo n'kutembenukira kukhoma. Phala linkauma m'mbale. Milomo yawo inayamba kung'ambika, maso kulowa m'kati. Ndinkawanong'oneza pa zenera kuti, "Ambuya, idyani," koma ankangondiyang'ana ngati ndine amene ndawathawa. Namwino anandiuza kuti thupi lopanda chakudya silingagwire mankhwala.

Panali mayi wina wa ku Chifunda amene ankadikirira mwana wake pa bedi loyandikana. Anali wa mawu aakulu, wachipongwe. Ndikalowa ankakuwa, "Agogo, dzukani, amuna anu afika! Koma kuonda kwake, mumawamana?" Wodi yonse inkaseka. Ine sindinkamukonda.

Komabe tsiku lina masana ndinamutsatira kuchisakasa kumene odikirira amaphikira. Ndinagwada pa phulusa, azimayi onse akuona.

"Amayi, ambuya anga akufa ndi njala."

"Nanga ine ndichite bwanji? Ndiwatsegule pakamwa ndi mthiko?"

Misozi inandigwera pa maondo. Iye anasonkheza nkhuni, osandiyang'ana.

"Chiwongo chawo ndani? Osati cha amuna awo, cha kwa atate awo."

Ndinamuuza. Anafunsanso mudzi umene anabadwira, ndi dzina la mtsinje wa kumeneko.

"Chabwino. Choka apa, ukuchititsa manyazi."

Ndinathamangira pa zenera. Mayi uja analowa ndi mbale yake, n'kukhala pa bedi la ambuya ngati palibe kanthu. Anayamba kucheza nawo m'Chisenga, za mvula, za njovu zimene zinamudyera chimanga. Kenako anafunsa chiwongo. Ambuya anayankha movutika, lilime likulemera.

Mayi uja anaomba m'manja, mbale n'kutsala pang'ono kugwa.

"Mayo ine! Ndi cha atate anga chimenecho! Kani ndinu azakhali, ine n'kumakudutsani masiku onsewa ngati mlendo?"

Anatchula mudzi uja ndi mtsinje uja. Ambuya anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Mlonda anandipeza pa zenera n'kundithamangitsa ndisanaone chimene chinatsatira.

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo. Dzuwa linapendeka. Ndinkaopa kuti ambuya amuzindikira kuti wanama, ndipo sadzatsegulanso pakamwa ngakhale kwa ine.

Kenako ndinamuona akubwera, atanyamula zitenje za ambuya zonyowa, atazikulunga pamodzi.

"Adya, ndawasambitsanso. Akuti phala langa lachepa mchere, azakhali angawo." Anandiponyera mtolowo pa miyendo, n'kundiika kachidutswa ka sopo m'manja. "Chapa uyanike. Usaganize kuti ndikuchapiranso."

Anatembenuka n'kubwerera kuwodi.