Nkhope yanga inali ya adona

Ku Pitoliya ndinkagwira ntchito mu saluni ya adona ena achibunu, yomwe inali kumbuyo kwa nyumba yawo. Azimayi achizungu ankabwera kudzafukiza nkhope ndi nthunzi, kudzazulitsa nsidze ndi kudzapakidwa dothi la m'mabotolo, dothi lomweli limene kwathu ku Ntcheu timazira nalo pansi. Ine yanga inali kuwiritsa matawulo ndi kutsuka timbale. Nkhope ya mzungu sindinkaloledwa kuikhudza.

Koma ndinali ndi ntchito inanso. Kasitomala akamakayika kugula kirimu, adona ankandiitana, nkundigwira chibwano, kunditembenuzira kuwindo. "Taonani khungu ili, amadzola yomweyi." Bodza lamkunkhuniza! Ine ndinkadzola mafuta a nsatsi basi. Ndinkangomwetulira, poti pasi yanga ankasaina ndi iwo, ndipo popanda dzanja lawo apolisi akanandinyamula pageti pomwepo.

M'nyengo yozizira ina, achimwene ena akwathu, ogwira ntchito ya m'gadeni, anabwera kumpanda chipewa chili m'manja. "Achemwali, limbani mtima. Amayi anu anatisiya, ndipo anaika kale."

Ndinapempha kupita kumudzi. Adona anandimvera chisoni ndithu, mpaka anandipatsa tiyi m'kapu yawo, koma anati ndikawoloka malire malo anga sadikira. Ana anga awiri kumudziko ankadya za m'manja mwangamu. Ndinakhala.

Chimene ndikanatha ndi chimodzi. Kwathu namfedwa sadzola mafuta kapena kudzikongoletsa mpaka abale atamumeta. Ndinasiya kudzola. Mphepo ya ku Joni siichedwa: masaya anatuwa mbuu, milomo inang'ambika. Ndikadziona m'magalasi a mu saluni mtima unkakhala pansi, poti amayi ndinali kuwalira monga mwana wawo.

Loweruka lina titatseka, adona anandiyang'anitsitsa. "Ayi, sizingatheke. Makasitomala aziti chiyani? Khala apa."

"Madamu, ndili pamaliro."

"Nchifukwa chake. Upezako bwino."

Anandikhazika pampando wa azungu, womwe ndinkangoupukuta zaka zonsezo. Anandifunditsa tawulo lotentha, lowiritsa ine ndemwe, kenaka nkuyamba kundisisita masaya ndi zala zawo, pang'onopang'ono. Iwo ankati akundichitira chifundo, ndipo mwina chinalidi chifundo. Ndikanati ndiwafotokozere bwanji? Misozi inkatsikira m'makutu, iwo nkumaipukuta ndi thonje, nkupakanso kirimu pomwe yadutsa.

Chimandiwawa mpaka lero nchakuti thupi langa linamva kukoma. Chichokereni kwathu panalibe munthu anandigwirapo kumaso mwaulemu chotero, moti ndinatsala pang'ono kugona.

Atamaliza anandipatsa galasi. Nkhope inali see, ngati ya mkwati. Amayi anga anabereka ana asanu, ndipo ine ndekha ndi amene sindinawalire mpaka kumapeto.