Anamdima ndi Mabatani Owala

Kuntchito kwawo akulu anga amawatcha Anamdima, ndipo dzinalo amaliyankha osakwiya. Amagwira pa kachipatala ka maso, m'chipinda chakumapeto kwa khonde, kupitirira pamene pamakhala mabenchi a odwala. Zenera lilipo limodzi, koma makatani ake akuda ndinasoka ndine, nsalu ziwiri zophatikiza, ndipo anandibwezera katatu chifukwa pamsoko pankadutsa kuwala kochepa ngati kuboola kwa singano. Ndakhala pa makina osokera zaka makumi awiri, koma kasitomala wovuta chotere sindinamuonepo, chonsecho tinayamwa bere limodzi.

Ntchito yawo ili motere. Munthu amakhala pampando, n'kuika chibwano pa kachitsulo, nkhope italoza m'chinthu chonga beseni loyera, diso limodzi ataliphimba. M'besenimo mumathwanima timadontho ta kuwala, kena apa, kena apo, tina tofooka kwambiri, ndipo munthu akaona kadontho amadina batani limene wagwira m'manja. Akatero akulu anga amadziwa ngati diso likuonabe za m'mbali. Kuwala kwina kulikonse m'chipindamo kumasokoneza muyeso. N'chifukwa chake akulu anga amayenda ndi tepi yakuda m'thumba la yunifolomu. Anamata kanyale ka pa soketi, anamata ka pa chaja, ndipo wodwala wa wotchi yowala amamuvula asanakhale n'komwe.

Khalidwe limeneli lili ndi kumene linachokera. Bambo athu anali okonza mawotchi. Titakulako anayamba kugunda mafelemu a zitseko ndi kugwetsa makapu a m'mphepete mwa tebulo, ife n'kumaseka kuti madala ayamba kumwa mobisa. Kadzino kakang'ono ka wotchi ankakaona bwinobwino, koma njinga yobwera cham'mbali osaiona. Pamene ankafika kwa dokotala, madzi anali atafika kale m'khosi. Dokotalayo anati akanabwera zaka zitatu m'mbuyomo, mankhwala odontheza m'maso akanaimitsa matendawo. Akulu anga anasiya sukulu n'kumawagwira dzanja mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Amene ankaseka kwambiri ndinali ine, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Pachipatalapo analowa ngati wokolopa. Anakolopa zaka zinayi, makutu ali tcheru, mpaka nesi wina atadwala anapezeka kuti wokolopayo ndiye akudziwa botolo lililonse pamalo pake. Anawatumiza kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, n'kubwera kudzalandira chipinda chamdimacho. Anthu okalamba amawakonda chifukwa sawathamangitsa. Amawauza kuti, "Agogo, musakasake kadonthoko, kabwera kokha. Inu ingoyang'anani pakati." Ana awo awiri anakulira m'nyumba imene munthu ukasiya nyale yoyaka masana umayankha mlandu.

Chaka chatha kompyuta yakale yolemba zotsatira za muyeso inafa. Katswiri wa makompyuta, amene amabwera Lolemba loyamba la mwezi basi, anabweretsa laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Anafufutamo zonse n'kuikamo pulogalamu yaulere, ija imapangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko ambiri, imene aliyense amaloledwa kuisuzumira m'mimba ndi kuikonza. Inkathamanga bwino. Katswiriyo anaiyesa nyale ya padenga ili chiyakire, anati zonse zili m'malo, n'kunyamula chikwama chake.

M'mawa mwake wodwala woyamba anali dalaivala wa basi, bambo wamkulu thupi, wa imvi zapatalipatali, amene kampani yake inamutuma kudzayezetsa maso. Akulu anga anazimitsa nyale, anakhudza batani loyambitsira, ndipo pansi pa mabatani onse panayaka kuwala koyera, mbee. Kunkazima pakapita kanthawi, koma akangokhudzanso kuti alembe kanthu, kunkayakanso. Kuwalako anakuona. Izi samabisa. Koma pakhonde panali anthu khumi ndi anayi, wina atabwera ndi mwana wolira, ndipo anadziuza kuti laputopu ili pambali, siifika m'beseni. Zaka zonsezi anali asananenepo mawu akuti "zili bwino choncho", anadzawanena tsiku limenelo.

Pepala linatuluka ndi chigamba chakuda kumunsi kwa diso lamanzere, mbali imene kunali laputopu. Dokotala analiyang'ana n'kunena kuti alembera kampani kalata yoti bamboyo asiye chiwongolero. Dalaivala sanakalipe. Anangopinda chipewa chake m'manja n'kufunsa akulu anga pakhomo kuti, "Mayi, zaka makumi atatu sindinagundepo ngakhale nkhuku. Ndiye ndizikatani?"

Masana akulu anga anatulukira kushopu kwanga, chakudya chawo chili m'chikwama chosatsegula.

"Iwe, undisokere chophimba chakuda cha mabatani. Lero lomwe."

"Achemwali, kodi tsopano mwayamba kuveka makompyuta madiresi?"

"Usandiseke. Ndamulakwira munthu."

Nditaona nkhope yawo ndinameza nthabwala yachiwiri imene inali kale pamlomo. Chophimbacho ndinasoka, koma sichinathandize. Kuwala kunkatulukira pamene ankalowetsera manja, laputopu inkatentha, ndipo dzina la wodwala wina linalembedwa ngati mphaka wayenda pamabatani.

Tsiku lomwelo anakagogoda kwa dokotala n'kuulula. Anati pepala lija sakulikhulupirira, ndipo wolakwa ndi iwo, osati diso la munthu. Dokotala ndi mayi wosachulukitsa mawu. Anaika kalatayo m'dirowa n'kunena kuti, "Lachisanu. Mukamuyesanso mumdima weniweni n'kutuluka chimodzimodzi, ndisaina."

Akulu anga anaimbira katswiri uja. Iye anali kutali, m'galimoto yaphokoso, ndipo anakuwa kuti adine batani la pakona pamodzi ndi lina la kachithunzi ka nyale. Anadina mpaka chala kuwawa, nyale ili phee, kuyakabe. Katswiriyo anati ndiye adikire mwezi wamawa. Akulu anga anamuuza kuti mwezi wamawa munthu adzakhala atakhala kale pakhomo, ndipo sanadule foni mpaka atawapatsa mawu achinsinsi a mwini kompyuta.

Ndiyenera kunena kuti akulu angawa foni yawo amailemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Komabe Lachitatu pa nthawi yopuma anapeza pa intaneti bwalo limene ogwiritsa ntchito pulogalamu ija amafunsana mafunso. Analemba vuto lawo monga amalankhulira, kuyambira moni mpaka dalaivala ndi chipewa chake. Ine ndinati palibe amene awerenge kalata yaitali chotero. Pasanathe maola awiri anayankha munthu wina wa kutsidya kwa nyanja, amene anati iye amaonera nyenyezi pa chipangizo choonera kutali, ndipo mabatani owala anamuzunzapo nayenso.

Anawauza kuti atsegule kazenera kakuda kolembamo malamulo. Akulu anga akuti atangokaona anakakonda, poti mulibe zithunzi, mulibe maluwa, mdima wokhawokha ndi kamzere kophethira. Anawalondolera ku kafayilo kena ka m'kati mwenimweni, ndipo m'kafayiloko munali nambala imodzi yokha, 3. Imeneyo ndiyo inali mphamvu ya nyale. Anakopera papepala lamulo losinthira nambalayo chilembo ndi chilembo, analakwitsa kawiri posiya mpata pamene sipafunika mpata, kachitatu analemba mawu achinsinsi aja, 3 n'kusanduka 0. Mabatani anazima. Akuti anawasisita onse ndi zikhatho ziwiri, osayaka ngakhale limodzi, n'kuseka okha mumdima mpaka nesi anagogoda kufunsa ngati kuli bwino.

Chimwemwecho chinagona usiku umodzi. Lachinayi m'mawa atayatsa laputopu, mbee, nyale ija yabwerera ngati mlendo woiwala ambulera. Anandiimbira foni. Ine za makompyuta sindidziwa kanthu, koma ndinawauza za makina anga, kuti ukawazimitsa amaiwala msoko umene unasankha, umayenera kuwauzanso m'mawa uliwonse. Anafunsanso pabwalo paja. Wa nyenyezi anapepesa kuti anaiwala kunena, n'kuwaonetsa mndandanda wa zinthu zimene kompyuta imachita yokha ikamadzuka, kuti lamulo lija aliike m'menemo. Anatero. Kenako anandiitanitsa, anandikhazika pampando, chibwano pa kachitsulo, n'kuzimitsa ndi kuyatsa laputopu kasanu ndi kawiri, uku akundifunsa ngati ndikuona kanthu kumanzere. Makasitomala anga anadikira mpaka kutopa.

Lachisanu ndinatseka shopu n'kukakhala pabenchi ya pakhonde, ngati kuti woyezedwayo ndi m'bale wanga. Dalaivala anabwera atavala jekete, mkazi wake ali pambuyo. Chitseko chinatsekedwa. Tinkangomva kabatani kaja, tii, tii, kwa nthawi imene inaoneka yaitali kuposa ulaliki.

Pa pepala latsopano chigamba cha kumanzere chinali chitachoka, diso lili loyera lonse. Koma akulu anga sanamwetulire msanga. Pa pepala la diso lamanja, kumwamba cham'mbali, panali kadontho kakuda kochepa ngati njere ya mpiru, kamene tsiku loyamba onse sanakalabadire poti maso awo anali pa chigamba chachikulu chija. Anabwereza muyeso, kadonthoko kanabweranso pamalo pomwepo. Dokotala anayeza zina n'kunena kuti ndi matenda aja oyamba kudya za m'mbali, koma angoyamba kumene. Anang'amba kalata ya m'dirowa, analemba ina yoti bamboyo akhoza kuyendetsa, n'kumupatsa kabotolo kodontheza m'mawa ndi madzulo, ndi tsiku lobweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Dalaivala anagwira dzanja la akulu anga ndi manja awiri. "Mayi, basi yanga mpando wakutsogolo ndi wanu. Ndidzazimitsa ndi nyale za m'kati zomwe mukakwera."

"Ingodonthezani mankhwalawo, bambo. Mukadumphitsa tsiku ndidzakudziwani."

Atachoka, akulu anga anatuluka pakhonde akutsinzinira kuwala kwa masana monga amachitira nthawi zonse. Anakhala pabenchi pafupi nane, tepi yakuda ikuonekera m'thumba. Anandionetsa pepala lija, chala chili pa kadontho.

"Ukukaona aka? Bambo athu akanabwera kali chonchi."

Anandigwira dzanja pang'ono, mmene ankawagwirira bambo powolotsa msewu, kenako anaimirira n'kuitana wotsatira.