A Kaliati ndi Mphenzi ya Anti Mata

A Goodman Kaliati amakonza njinga pa Chiringa, pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi chigayo. Sukulu anailekezera sitandade sikisi, koma mukamamva akulankhula simungadziwe. Mukabwera ndi tayala lakuphwa, mumachoka ndi tayala lopopa, kuonjezerapo chifukwa chimene feteleza wakwerera, kumene chiperoni chimachokera, ndi zina zambiri zimene simunafunse. Eni akewo amati, "Ine Mulungu anandipatsa lilime la pulofesa, koma mutu wake anaiwala kutumiza."

Chimene chimawatseka pakamwa n'chimodzi chokha: mphenzi. Mitambo ikangoda cha ku phiri la Michesi, amalongedza masipanala n'kukabisala m'golosale ya a Zubairi, kuseri kwa matumba a mchere. Akazi awo, a Rozaria, amati anakwatiwa ndi mwamuna wa m'chilimwe basi. Dzinja likafika amangolera khanda landevu.

Chaka chatha, mvula itangokata masana ena, mwana wawo Ethel, amene akuphunzira sayansi ku koleji, anaimba foni. Bambo akewo anayamba kudandaula za mabingu.

"Ababa, chimene mukuopacho n'chodabwitsa kwambiri," anatero Ethel. "Asayansi a ku Japan anapeza kuti mphenzi ikang'anima, m'mwambamo mumabadwa tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tosemphana ndi timene tinapanga inu, ine, ndi njinga zanuzo. Tikangokumana ndi tinzake tamasiku onseti, tonse timatheratu n'kusanduka kuwala. Dzina lake ndi antimata."

"Anti ndani?"

Apo netiweki inathawa. Koma a Kaliati anaona kuti zomwe amvazo zakwana kuphunzitsira Chiringa yense.

Sabata yomweyo mphenzi inali itapha mbuzi za munthu wina ku Nazombe, ndipo akabaza amene ankadikira njinga zawo pansi pa mango ankakamba zomwezo. A Kaliati anakhosomola, n'kuloza kumwamba ndi sipanala.

"Inu simukudziwa kanthu. Mwana wanga wandiuza zonse. M'kati mwa mphenzi mumakhala anti Mata. Akangokhudza chinthu, basi, chatha!"

A Kaliati m'mutu mwawo ankaona tinthu ta ku Japan tija. Anaiwala kuti pamsika pomwepo pali mayi Marita, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, amene aliyense amawatchula kuti anti Mata. Akabaza anayang'anana, nkhani n'kukwera njinga. Pofika tsiku la msika, inali itazungulira mpaka ku Fort Lister, ndipo palibe anayerekeza kugula chitumbuwa.

Dzuwa lili pamutu, mayi Marita anatulukira ndi dengu lodzaza, nalitula pabenchi ya a Kaliati.

"Bambo a Ethel, ndamva kuti masiku ano ndikumakhala m'mitambo. Ine amene mawondo awa akukanika kukwera ndi chulu chomwe?"

Anthu anayamba kuunjikana. A Kaliati anaika sipanala pansi. Ankadziwa bwino zimene zimachitikira mayi wachikulire akamunamizira ufiti, ndipo apa wonamizayo anali iwowo. Lilime la pulofesa lija linauma gwa.

"Mayi, ine ndimanena anti wina... wa sayansi... wosaoneka..."

"Wosaoneka?" wina anakuwa m'gulumo. "Ndiye mfiti yeniyenitu imeneyo!"

A Kaliati anaimbira Ethel, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Ethel anayamba waseka, koma atamva bwino nkhaniyo anasiya. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti antimata si munthu, alibe chitenje, ndipo mphenzi imachita zimenezi ngakhale kumayiko kumene sadziwa chitumbuwa. Kenako anapepesa mayi Marita m'malo mwa bambo ake.

"Ndamva, mwanawe," anatero mayiwo. "Nanga izi adye ndani?"

A Kaliati sanadikire kuuzidwa. Anatola chitumbuwa n'kuchidya anthu akuona, n'kutolanso china. Atatero anamanga dengulo pakaliyala, n'kuyamba kukankha njinga msika wonse akufuula, "Zitumbuwa za anti Mata! Zilibe mphenzi! Wabodza ndine!" Aliyense wokayika, a Kaliati ankamulumira kaye chitumbuwa chimodzi ngati umboni. Anthu anaseka mpaka misozi, n'kuyamba kugula, ndipo dengu linatha. Okayika anali ambiri, moti tsiku lotsatira a Kaliati sanatsegule ntchito. Anangogona pamkeka atagwira pamimba, a Rozaria akuwafunsa ngati mabingu akumvekawo ndi a ku Japan.

Nkhaniyi a Kaliati amaikamba okha mpaka lero, ndipo poyamba kuseka amakhala iwowo. Mayi Marita sanasunge chakukhosi. Mwezi wathawu anabweretsa njinga ya mdzukulu wawo itaduka tcheni, nakhala pabenchi.

"Ndidikira pompano," anatero. "Koma mukonze ndi manja okha, lilime lipume."