Gasi Amene Ndinabwerera Naye Kuchokera ku Nselema

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha filiji ya mayi anga. Nthawi imeneyo ndinali nditamaliza maphunziro a zamagetsi, satifiketi ili m'sutikesi, ine ndikugulitsa mafilizesi pa depoti ya Balaka. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba mpaka dzanja kuwawa, koma oyankha ankangoti, "Tikuimbirani." Tsiku lina filiji ija inaleka kuziziritsa, katundu yense n'kusanduka madzi, ndipo mayi anandituma kukaitana che Saidi, bambo amene anali ndi kashopu kokonzera mafiliji kuseri kwa msika.

Che Saidi anali munthu wachikulire, wamfupi, wosalankhulalankhula. Asanamasule n'komwe chikwama chawo, ndinawauza kuti ndayeza kale ndi mita yanga ya kusukulu: kompuresa ndi yabwino, chomwe chapsa ndi kachipangizo koidzutsa. Anandiyang'ana, nayeza okha, nasintha kachipangizoko. Filiji italira, anafunsa mayi, osati ine.

"Mwana wanuyu makwerero amawaopa?"

"Patuma? Iyayi, amaopa njoka basi."

"Abwere Lolemba."

Miyezi yoyamba ndinkatsuka makoyilo, kupinda mapaipi a kopa ndi kukonza milomo yake kuti nati igwire bwino osataya gasi. Ndinaphunzira kumanga mageji oyezera mphamvu ya gasi, yabuluu ku paipi yobwerera ku kompuresa, yofiira ku mbali yomwe gasi amakhala wopanikizika kwambiri. Ndinaphunzira kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu tisanathire gasi, ndi kusaka pobooka ndi thovu la sopo. Che Saidi anali ndi malamulo awo. Gasi sankalola kuti atayidwe m'mwamba, choncho kulikonse tinkayenda ndi kasilinda kopanda kanthu kokokeramo. Akathira gasi m'makina a munthu, ankamuyeza pa sikelo n'kulemba ndi maka mkati mwa chivundikiro kuchuluka kwake.

Kwa amene sadziwa, eyakoni sipanga kuzizira ayi. Imatenga kutentha kwa m'chipinda n'kukakutaya panja. Kompuresa imapanikiza gasi, fani ya panja imamuchotsa kutentha mpaka asanduke madzimadzi. Kenako madziwo amayenera kudutsa pa kakhomo kopapatiza kwambiri. Akangodutsa, mphamvu yawo imatsika, amayamba kuwira m'koyilo ya m'chipinda, ndipo powirapo ndi pamene amayamwa kutentha.

M'filiji ndi m'maeyakoni akale, kakhomo kameneka ndi kapaipi kowonda ngati waya, ndipo kukula kwake sikusintha. M'makina atsopano muli valavu yoyendera magetsi. Mkati mwake muli kasingano kokwera ndi kutsika, ndipo pamutu pake pamavala koyilo yangati kachipewa, yokhala ndi mawaya asanu opita ku bodi, yomwe ndi ubongo wa makinawo. Bodiyo imamva kutentha kwa mapaipi kudzera m'timasensa, n'kumatumiza magetsi kuti singano isunthe pang'onopang'ono, kasitepe ndi kasitepe. Ikatsegula mopitirira, madzi amabwerera ku kompuresa n'kuiphwanya. Ikatseka mopitirira, koyilo ya m'chipinda imalandira gasi wochepa, chipinda sichizizira, kompuresa n'kumangotentha.

Makina oterewa che Saidi sankawakonda. "Zamabodi izi anazipanga kuti zikafa mugule zina," ankatero. Ine ndinkawerenga mabuku ake pa foni nthawi ya nkhomaliro, koma sindinali nditagwirapo valavu yotereyi ndi dzanja langa.

Ku Nselema kunali kachipatala kena komwe si kaboma, ndipo eyakoni ya mu labu yawo tinkasamalira ndife. M'labumo munali makina oyeza makhololo a anthu oganiziridwa TB, omwe chipinda chikatentha kwambiri amakana kugwira ntchito. Mwezi wa Okutobala eyakoni ija inayamba kufooka. Che Saidi anapita okha, anapeza geji yabuluu yatsika, anathira gasi n'kubwerako. Patangotha sabata, a chipatala anaimbanso. Linali Lachisanu m'mawa.

"Patuma, pitani mukawonjezere gasi," anatero che Saidi. "Ndi ntchito ya ola limodzi. Penapake pakudontha, tidzasaka bwino dzuwa likachepa."

Unali ulendo wanga woyamba ndekha. Ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Nselema, masilinda awiri ali pakati pa miyendo, kondakitala akudandaula njira yonse kuti ndiwaphulitsira galimoto. Ndinafika cha m'ma 11 koloko, dzuwa likuotcha ngati lalusa ndi munthu.

Anandilandira a Makwinja, mkulu wa labu. Anayang'ana kumbuyo kwanga.

"Che Saidi akubwera m'mbuyo?"

"Iyayi bambo, ndabwera ndine."

Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anandionetsa benchi ya pakhonde pomwe panakhala anthu angapo. Kumapeto kwake kunali mayi wina atachirikiza mwamuna wake, bambo wowonda amene ankatsokomola mpaka kupindika. A Makwinja anati awiriwo achokera ku Nayuchi. Anabwera Lachitatu, anabwezedwa chifukwa cha makina omwewa, ndipo lero abweranso pa njinga yamoto. Zikakanika, ayenera kupita ku Liwonde Lolemba.

"Koma bambowo mukuwaona nokha," anatero. "Msewu wina sangaupirire."

Ndinakwera makwerero kuseri kwa labu, ndinatsegula chivundikiro cha makina a panja n'kumanga mageji. Yabuluu inali pansi, monga anaonera che Saidi. Ndinapaka thovu la sopo pa nati iliyonse ndi polumikizira paliponse, koma panalibe thovu lofufuma. Panalibenso banga la mafuta, lomwe gasi akamatuluka amasiya. Ndinawaimbira abwana anga n'kuwafotokozera.

"Pobooka pena sipaoneka ndi maso," anayankha. "Thirani gasi, anthu akudikira. Ine ndikulowa mu mzikiti."

Ndiye ndinathira. Ichi sindibisa. Ndinaika silinda pa sikelo, ndinatsegula pang'ono, mita yoyezera magetsi ili yopana pa waya wa kompuresa. Singano yabuluu inangogwedezeka pang'ono n'kubwerera pomwe inali. Yofiira ndi imene inayamba kukwera, manambala a pa mita akukweranso nayo. Kompuresa inasintha kaliridwe, ndipo nditaikhudza ndinachotsa dzanja msanga. Ndinatseka silinda. Pasanathe mphindi ziwiri makina anazima okha kudziteteza.

Ndinakhala pamwamba pa makwerero paja thukuta likulowa m'maso. Gasi akakhala wochepa, mageji onse awiri amakhala pansi. Apa gasi ankalowa, koma ankangounjikana mbali imodzi osadutsa. Makina atadzukanso ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona chinthu chomwe ndikanachiona kale ndikanapanda kuthamangira silinda: kapaipi kotuluka mu valavu kanali ndi chisanu choyera, pamalo aafupi ngati chala, pomwepo basi. Kakhomo kanali kotsekeka pafupifupi konse.

Ndinaimbiranso che Saidi. Foni inali yozima, ndipo ndinadziwa kuti ikhala choncho mpaka mapemphero atatha. Ndinali ndi mawu a bwana akuti thirani, ndi maso anga akuti usathire. Ndikapitiriza kuthira, kompuresa ikanatha kupsa, ndipo kupeza ina kukanatenga masabata. Ndikayamba kusokoneza mawaya a bodi n'kuononga kanthu, mlandu ukanakhala wanga ndekha, mtsikana wa miyezi isanu ndi iwiri pa ntchito amene sanamvere.

A Makwinja anatulukira pakona. "Zikutheka, achemwali?"

"Vuto si gasi, bambo. Mundithandize. Kazimitseni magetsi a eyakoni pa bolodi, muwerenge mpaka handiredi, ndikakuwa muyatse."

Ndinali nditawerenga m'mabuku aja kuti valavu yabwinobwino, magetsi akangobwera, bodi imayamba yaitseka yonse kuti idziwe poyambira, kenako n'kuitsegula, ndipo munthu amamva kulira kwake, tiki-tiki-tiki, ngati wotchi yothamanga. Ndinaika chala pa kachipewa kaja n'kukuwa. Magetsi anabwera. Pansi pa chala changa panangomveka kunjenjemera, njenjenje, ngati chinthu chofuna kuyenda koma chomangidwa mwendo.

Tinazimitsanso. Ndinadikira kuti magetsi otsalira mu bodi athe, ndinazula pulagi ya koyilo ya pa valavu, n'kuyamba kuyeza mawaya ndi mita. Pa mawaya asanu aja, mmodzi ndi wobweretsa magetsi, anayi enawo ndi amene amakankha singano mosinthana, ndipo onse anayi ayenera kuonetsa nambala yofanana. Woyamba, wachiwiri, wachitatu anafanana. Wachinayi mita inangokhala duu. Ndinatsata chingwecho ndi zala mpaka pomwe chinkadutsa m'mphepete mwa chitsulo pafupi ndi kompuresa. Kunjenjemera kwa makina kunali kukuchipala pang'onopang'ono, ndipo waya wachikasu anali ataduka mkati mwa chikopa chake. Valavu inali itaima pamalo amodzi kwa masabata, bodi ikulamula koma osamveka.

Kulumikiza wayayo ndi mtovu kunatenga mphindi khumi. Ndinamukulunga bwino n'kumangirira chingwe chonse kutali ndi chitsulo chija. A Makwinja atayatsa, ndinamva tiki-tiki-tiki pansi pa chala changa. Ndinatsala pang'ono kugwa pa makwerero.

Koma ntchito inali isanathe. Tsopano valavu ikutsegula, ndipo m'makinamo munali gasi wopitirira muyezo: wa che Saidi wa sabata yatha, kuphatikiza wanga. Akanasefukira ku kompuresa ali madzi. Tinazimitsa msanga. Makina okokera gasi tinalibe, koma gasi amathamangira komwe kuli kozizira. Ndinapempha beseni ndi madzi oundana a m'mabokosi onyamulira mankhwala. A Makwinja anazengereza kaye, kenako anabweretsa okha. Ndinamiza kasilinda kopanda kanthu kaja m'beseni, ndinakalumikiza ku makina, n'kumakatulutsa kukayeza pa sikelo pafupipafupi. Mkati mwa chivundikiro munali nambala ya che Saidi, yolembedwa ndi dzanja lawo losamala lija. Ndinaphatikiza ndi yanga, ndipo sikelo itafika pamenepo ndinatseka.

Cha m'ma 2 koloko mphepo yozizira inayamba kutsika m'labu. Mageji onse anakhala pamalo pake, chisanu cha pa kapaipi chinasungunuka, paipi yobwerera inayamba kuchita thukuta lozizira. A Makwinja anatseka chitseko n'kuyatsa makina awo. Ine sindinachoke. Ndinati ndikudikira kuona ngati kompuresa ikhazikika, koma zoona zake ndinkafuna kudziwa za bambo a ku Nayuchi aja.

Zotsatira zinatuluka dzuwa litapendeka. Inalidi TB. Ndinaona mayi aja akutuluka m'chipinda cha dokotala atanyamula mankhwala m'kansalu, ndipo ndinachita manyazi kuwayang'ana, ngati nkhani yoipayo ndawabweretsera ndine. Iwo ndi amene anandiyandikira.

"Ndinu munali pa makwerero paja, mwanangu?"

"Eya, mayi. Pepani ndi zomwe mwamvazi."

"Iyayi, musapepese. Miyezi itatu takhala tikulimbana ndi chinthu chopanda dzina. Bola tadziwa. Ayamba kumwa lero lomwe."

Che Saidi anaimba ndili mu minibasi, koma phokoso linali lalikulu, ndinangoti makina akuyenda. Loweruka m'mawa ndinafika ku shopu mtima uli m'mwamba. Asanandifunse kanthu, ananyamula kasilinda kaja kuti akaike pamalo pake, n'kuima. Kanali kolemera.

"Muli chiyani umu?"

"Gasi amene munathira sabata yatha, bwana. Ndi wanga amene ndinathira dzulo."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa singano yofiira mpaka pa waya wachikasu. Sanandidule mawu. Nditamaliza anayang'ana kasilindako, ine ndikuganiza kuti Lolemba ndibwerera ku depoti. Kenako analowa kuseri komwe tinkaunjika makina akufa. Ndinamva zitsulo zikugwa. Anatuluka ndi valavu yakale ya mtundu womwewo, anaipana pa vaisi, n'kundipatsa sowo.

"Zaka zonsezi geji ikatsika ndimathira, ndipo kawirikawiri ndimakhoza," anatero. "Ulendo uno ndikanawotcha kompuresa ya chipatala. Dulani apa, mundionetse singano yanuyo."

Ndinadula, iwo atavala magalasi, mutu uli pafupi ndi wanga. Tinatha m'mawa wonse tikuzungulitsa kasingano kaja ndi maginito, iwo akufunsa, ine ndikuyankha zomwe ndikudziwa, zina n'kuvomera kuti sindikudziwa.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zitatu ndisanayambe kuyenda pandekha. Chimene ndinatenga ku Nselema ndi ichi: geji sinaname tsiku lija. Inanena zoona kuti gasi akufika wochepa. Amene tinathamangira kunena chifukwa chake ndife, bwana wanga chifukwa anazolowera, ine chifukwa ndinauzidwa. Mpaka lero, kasitomala akandiimbira kuti, "Bwerani mudzathire gasi," silinda ndimanyamula, koma imatsika m'galimoto pomalizira.