Chithunzi cha pa bokosi la amayi

Amayi anga analibe chithunzi ngakhale chimodzi choonetsa nkhope yawo. Zithunzi zinalipo ndithu, za pa maukwati ndi pa misonkhano ya mpingo, koma m'zonsezo munkangoona bulauzi yoyera mbee, duku loyera, pakati pake mdima. Ife ana tinkawazindikira ndi kaimidwe.

Atatuluka m'chipatala ulendo wachiwiri anandiimbira foni ndili ku ofesi. "Ndikufuna chithunzi choti mudzaike pa bokosi langa," anatero. "Musadzachite kudula mutu wanga pa chithunzi cha ukwati wa eni ake, monga munachitira ndi bambo anu." Ndinawakalipira kuti asamalankhule zoterozo, koma mumtima ndinkadziwa kuti akunena zoona. Bambo tinawaika m'manda phewa la munthu wina likuonekera pambali pa khutu lawo.

Ndinapeza wojambula weniweni m'tauni, bambo wachikulire wofatsa, ndipo Loweruka lina tinapita kwathu, kuseri kwa Chisepo. Katundu wake anadzaza mpando wonse wakumbuyo: kamera yolemera ngati njerwa, magalasi atatu osinthira, choimikira cha miyendo itatu, nyale yothwanima yokhala ndi ambulera yake, ndi china chozungulira ngati lichero chobwezera kuwala. Pa njira anandifotokozera kuti kamera ikaona zoyera zambiri imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda. Mankhwala ake ndi mthunzi, anatero. Ndinati zimenezo n'zosavuta. Ndinaiwala kuti ndikupita kwa ndani.

Tinawapeza atavala kale yunifolomu ya amayi a mpingo, yosita mpaka kuuma. Bwalo analisesa m'mawa, ndipo mpando anauika pakatikati, padzuwa, kuti malata a nyumba adzaoneke. Wojambulayo anayang'anayang'ana n'kuloza chigafa cha fodya, pomwe panali mthunzi wabwino.

"Mayi wa mpingo kujambulidwa m'fodya?" anafunsa amayi, akuyang'ana ine. "Anthu adzati chiyani pa maliro?"

Tinakoka nkhani mpaka tinagwirizana za pakhonde. Kenaka inabwera ya mafuta. Anali atadzola mopanda kuumira, chipumi chili ng'aning'ani, ndipo nyale ija ikathwanima nkhope yonse inkaoneka ngati mbale yotsuka kumene. Wojambula anapempha mwaulemu kuti apukuteko. Amayi anati sangapite kumanda ali otuwa ngati analibe ana. Ndinatenga kansalu n'kuwapukuta ndekha, iwo akundinong'oneza kuti sukulu inandichotsa khalidwe.

Zonsezo zinali zochepa. Vuto lenileni linali maso. Wojambula akaima kuseri kwa kamera n'kunena kuti, "Tayang'anani kuno, mayi," iwo ankayankha kuti, "Chabwino, bambo," maso ali pansi. Ankadzutsa mutu pang'ono, koma chala chikamafika pa batani, maso abwerera ku nsapato. Moyo wawo wonse sanayang'anepo mwamuna wachilendo m'maso, ndiye akanayamba tsiku limenelo chifukwa cha galasi? Apa ndinamvetsa kuti si bulauzi yokha imene inkatibisira nkhope yawo zaka zonsezi.

"Amayi, ndi makina awa, si munthu," ndinatero.

"Nanga ali kuseriwo ndi makina?"

Anajambula kambirimbiri. Anasintha galasi, anasuntha ambulera, ine nditagwira lichero lija mpaka mikono kuwawa. Pa kagalasi ka kuseri kwa kamera zonse zinkatuluka chimodzimodzi: pamwamba pa duku, zikope ziwiri, ndi pakamwa potseka. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinaona kuti amayi atopa, kupuma kwayamba kuvuta, ndipo sindinkadziwa ngati tidzakhalanso ndi Loweruka lina lotere. Ndinangotsala pang'ono kulira, koma m'malo mwake ndinawakalipiranso.

Wojambula uja anachotsa kamera pa miyendo yake itatu, natsika pakhonde, nagwada pa dothi patsogolo pawo, mpaka kutsamira chigongono pansi. Amayi anatsitsa maso monga mwa masiku onse, ndipo anamupeza ali komweko.

"Iii, bambo, dzukani, mukudetsa thalauza," anatero, n'kuphulika kuseka, dzanja lili m'njira yopita kukamwa. Batani linalira dzanjalo lisanafike.

Patapita sabata ziwiri ndinabwera nazo zithunzi zotsukidwa. Chija chinali pamwamba: maso onse awiri, mpata wa m'mano, makwinya a pambali pa mphuno amene nanenso ndayamba kukhala nawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachiika pambali natenga china cha maso pansi.

"Ichi ndiye cha pa bokosi."

"Amayi, nkhope sikuoneka. Tinavutikiranji tsiku lonse lija?"

"Ukufuna ndizidzaseka anthu akundilira? Icho tenga iweyo, ukachiike kwanu."

Ndinakangana nawo mpaka madzulo, osaphula kanthu. Anamwalira chimanga chisanache. Pa maliro tinachita monga ananenera, ndipo mzere wonse wa anthu unadutsa pa bokosi ukuona pamwamba pa duku. Amayi anzawo a mpingo ankagwedeza mutu n'kumati, "Ndi iwowa enieni." Ine ndinaima pambali, nditakwiya uku ndikulira, poti mwina ankanena zoona.

China chija chili pakhoma kwanga. Alendo a kumudzi akabwera amachiyang'ana kaye n'kufunsa kuti ndi ndani.