Mawu Akuti “Anatsogola”

Lero, pophunzitsa ndakatulo ya maliro kusukulu ya ku Woodlands, mawu akuti “anatsogola” andibwezera ku ubwana wanga, kwathu ku Libala, mipando itatulutsidwa panja, utsi wa nkhuni utakanirira m'zovala.

Azakhali anandinong'oneza kuti, “Amai bako batsogola, mwana wanga.”

Popita kumsika wa ku Kamwala amayi ankatsogoladi, ine n'kuwapeza akusankha nsalu. Choncho ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi, n'kukaima pageti.

“Uyenda kuti iwe?” anafunsa azakhali.

“Nibalondola. Bazakalipa nikachedwa.”

Azakhali anakhala pafumbi, nalira mokweza.

Ophunzira anga ndimawauza kuti mlakatuli amasankha mawu amenewa pofuna kufewetsa imfa. Sindiwauza kuti mwana amawamva ngati lonjezo, ndi kuti mpaka lero ndidakali pageti paja.