Timapukusi ta Amake Fridah

Ku Kambombo kuno mukafunsa za amake Fridah, anthu amayamba ayang'ana kumbuyo asanayankhe. Amati mayiyo amakwirira zithumwa m'munda, ndipo Loweruka lililonse amakazifukula, kuzinunkhiza, n'kuzibwezeranso pansi. Zoti amafukula n'zoona. Zonunkhizazo ndinaziona ndi maso anga, mphuno ili pafupi ndi dothi ngati mbuzi yofuna mchere. Koma za zithumwazo, imvani kaye.

Dzina lawo ndi Ennie, msuweni wanga. Amuna awo, a Jack, anamwalira chaka cha 2019, n'kuwasiyira ana atatu ndi munda wamchenga wotopa, umene ngakhale udzu unkamera monyinyirika. Mundawo ndi wa banja la kuchimuna, ndipo a Phillip, akulu ake a malemu, ankaufuna kuti apatse mwana wawo amene anali atangokwatira.

Mlangizi wa zaulimi anapatsa Ennie mbewu za kalongonda, nyemba zoyanga zija zimene zimaphimba nthaka yonse. Anawauza kuti asamawotche zotsalira m'munda, chifukwa zikawola zimasanduka chakudya cha chimanga. Ennie anamva, koma anamva theka. Mvula yoyamba itagwa anakwirira mapesi ouma a chimanga m'mizere monse, n'kubzala chimanga pomwepo, kalongonda n'kumubzala mbali ina ya munda. Chimanga chinamera chachikasu ngati munthu wodwala malungo. Ife owotcha tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ineyo ndiye ndinkatsogolera.

A Phillip sanaseke. Ananena pamaso pa abale kuti munda wa makolo awo si dzala lotayamo zinyalala, ndipo ngati chaka chamawa chikhalanso chomwecho, mlamu wawoyo autule.

Wina akanatenga machesi tsiku lomwelo. Ennie anatenga lumo. Anadula ukonde wakale wa udzudzu tizidutswatizidutswa, n'kumanga timapukusi: tina ta masamba a kalongonda, tina ta mapesi, tina tosakaniza. Anatikwirira m'mphepete mwa munda, paliponse n'kuzikapo kamtengo. Ankafuna kuona ndi maso ake chimene chimawola msanga ndi chimene chimachedwa, popeza mlangizi anali atasamutsidwa ndipo panalibe wina womufunsa.

Zimene anapeza anandiuza ndikuthawa dzuwa pansi pa mtengo wawo. Masamba a kalongonda, nthaka ikakhala yonyowa, pakatha milungu itatu kapena inayi amakhala atada, atafewa, akununkhira ngati dothi la kudambo. Mapesi ayi. Miyezi iwiri amakhala akadali gwa, kupatula amene chiswe chawapeza. Anati mapesi akakwiriridwa ouma amayamba alanda mphamvu ya m'nthaka kuti awole, n'chifukwa chake chimanga chija chinasowa chakudya. Ndinawafunsa ngati phesi lili ndi pakamwa. Anati pakamwa palipo pa tizilombo timene timaliwoletsa, ndipo timadya kuposa ine pamaliro.

Chaka chotsatira anasintha. Mapesi anawayala pamwamba kuti asunge chinyezi ndi kuwola pang'onopang'ono. Masamba a kalongonda ndi amene analowa m'mizere, ndipo anabzala ndi mvula yoyamba, kuti mphamvuyo ikamatuluka ipeze mizu ilipo kale, isatsike ndi madzi. Mwezi wa Okutobala wonse anali atalambula kuzungulira munda kuti moto wa osaka mbewa usalowe.

Pofika Febuluwale chimanga chinali chobiriwira bii, chotalika kuposa a Phillip amene. Manje apa m'pamene nkhani ya zithumwa inakula, chifukwa munda wa chinyalala sungapose minda yosesa bwino popanda kanthu. A Phillip anaona kuti njala yakana kuwathandiza, ndiye anabwera Loweruka lina ndi akulu a mpingo awiri. Ananena kuti sangalole mankhwala m'nthaka ya bambo awo, ndipo wokwirira achoke. Ine ndinatsatira kumbuyo, poti zoterezi sindiphonya.

Ennie anawalonjera mwaulemu, n'kuwapatsa khasu.

"Alamu, fukulani nokha. Sankhani kamtengo kalikonse."

A Phillip anafukula atatambasula manja, thupi lili kutali. Kaphukusi katatuluka anakasiya pa khasu pomwepo.

"Masulani, alamu. Sikaluma."

Anamasula ndi nsonga za zala. M'katimo munali dothi lakuda lofumbutuka, timitsempha ta masamba, ndi nyongolotsi ziwiri zonenepa zimene sizinasangalale ndi alendo. Mkulu wa mpingo mmodzi anatapako, n'kufikisa pa zala, kenako nayenso ananunkhiza. Anayang'ana chimanga, n'kufunsa motsitsa mawu ngati mbewu za kalongonda zilipo zotsala. Mnzakeyo anauza a Phillip kuti munda wodyetsa ana a m'bale wawo chonchi sungalandidwe, ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. A Phillip anapukuta zala pa buluku kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti iwo anangobwera kudzaona.

Munda ukadali wa Ennie, ndipo timapukusi akukwirirabe, manje akuyesa makoko a mtedza. Mphekesera nayo sinafe, ija ndi yolimba kuposa phesi. Tsiku lina ndinawafunsa ngati siziwawawa kutchedwa mayi wa zithumwa. Sanadzutse ngakhale mutu pa khasu.

"Chithumwa changa chimawola, msuweni. Amene akuchifuna asiye machesi kunyumba."